Mutu 11: Mitundu ya pa Sikirini ndi Dzuwa la ku Nsadzo

Msewu wa N9 umachoka mumzinda wa Tete n'kukwera chakumpoto, kudutsa m'boma la Chifunde, mpaka pachipata cha Cassacatiza. Ukaoloka pamenepo wafika ku Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo Katete ali patsogolo. Nsadzo ili mbali imeneyo. Ndi chimodzi mwa zigawo zitatu za boma la Chifunde, pamodzi ndi Mualadzi ndi Chifunde mwiniwake, ndipo anthu ake ndi alimi a chimanga ndi fodya, olankhula Chichewa monga abale awo a ku Katete ndi ku Mchinji.

Foni zinafika kuno zaka zambiri laputopu isanafike. Movitel itayamba ntchito mu 2012 inaimika milongoti m'madera akumidzi, ndipo mu 2013 Vodacom inayambitsa M-Pesa m'dziko la Mozambique. Lero aliyense amadziwa kuimba *150# kapena, ngati ali pa e-Mola, *898#. Pasikirini pamatuluka kabokosi ka mawu okhaokha: dinani 1 kuti mutumize ndalama, dinani 2 kuti mutape. Palibe chithunzi, palibe chokongoletsa. Taonani wogwira ntchito yotumiza ndalama masana a mu Okutobala, atakhala pansi pa ambulera m'mbali mwa msewu. Foni waiphimba ndi chikhatho chamanzere, waipendeketsa pang'ono kuti ithawe kunyezimira kwa dzuwa, maso wawachepetsa, ndipo akuwerenga nambala mokweza kuti mwini ndalama avomere. Akasokoneza 3 ndi 8, ndalama ya fodya ya munthu yapita kwa mlendo.

Kabokosi kameneko ndi mbale wake wa chomwe olemba mapulogalamu amachitcha terminal. Pa terminal munthu amalemba lamulo ndi zilembo, kompyuta n'kuyankha ndi zilembo, basi. Pambali pake pamakhala editor, pulogalamu yomwe munthu amalemberamo khodi, monga Visual Studio Code, Vim kapena Sublime Text. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Nsadzo yemwe akuphunzira za makompyuta ku Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu yomwe inakhazikitsidwa mu 2005, amatha maola ambiri akuyang'ana mazenera awiriwa. Akabwera kumudzi patchuthi amabwera ndi laputopu yogula kwa wina, ya batire lotopa. Amene alibe laputopu amaika pulogalamu ya terminal yotchedwa Termux pafoni ya Android n'kumaphunzirira pomwepo. Onsewa tsiku lina amafika pa funso looneka laling'ono: zilembo zikhale za mtundu wanji, ndipo tsamba lomwe zakhalapo likhale loyera kapena lakuda? Ambiri amayankha potengera zomwe aona pa YouTube. Koma amene amajambula makanemawo amakhala m'zipinda zotseka makatani, za magetsi osathima, ndipo kuwala kwa m'zipinda zimenezo si kwa pakhonde la ku Chifunde.

Tsamba lakuda linachokera kuti

Makompyuta akale ankayankha posindikiza papepala. Makina ngati Teletype Model 33, omwe anatuluka mu 1963, ankagogoda zilembo zakuda papepala loyera. Masikirini a galasi atabwera zinthu zinatembenuka. M'kati mwa galasilo munkapakidwa mankhwala omwe amawala akawombedwa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo kunali kosavuta kuyatsa zilembo zokha n'kusiya pena ponse pali mdima. Kuyatsa galasi lonse kunkaonetsa kuphethira komwe kunkatopetsa maso. N'chifukwa chake sikirini ya IBM 5151, ya mu 1981, inali ya zilembo zobiriwira patsamba lakuda, ndipo zina za nthawi yomweyo zinali za zilembo zofiirira ngati lawi. Tsamba lakuda silinasankhidwe ndi madokotala a maso. Linasankhidwa ndi galasi.

Ena anapita njira ina. Xerox Alto ya mu 1973, kenako Macintosh ya mu 1984, zinkaonetsa zilembo zakuda patsamba loyera, poti cholinga chinali chakuti zomwe munthu akuona zifanane ndi zomwe zituluke papepala. Miyambo iwiriyi yakhala ikuyenda limodzi mpaka lero. Olemba makalata anatsatira tsamba loyera, olemba khodi ambiri anatsalira pa lakuda, ndipo mu 2019 Android 10 ndi iOS 13 zinabweretsa tsamba lakuda m'mafoni a aliyense.

Mitundu yeniyeni ya pa terminal ili ndi mbiri yakeyake, ndipo kuimvetsa kumathetsa chisokonezo chambiri. Malamulo otchedwa ECMA-48, omwe anayamba kutuluka mu 1976, ndi omwe amanena mmene pulogalamu ingauzire terminal zochita, ndipo makina a VT100 a kampani ya DEC, a mu 1978, anawatchukitsa. M'malamulo amenewa mitundu isanu ndi itatu inapatsidwa nambala: 30 ndi wakuda, 31 wofiira, 32 wobiriwira, 33 wachikasu, 34 wabuluu, 35 wapepo, 36 wa pakati pa buluu ndi wobiriwira, 37 woyera. Pambuyo pake anawonjezera ina isanu ndi itatu yowala kwambiri, yonse n'kukwana 16. Chofunika kugwira ndi ichi: pulogalamu imangotchula nambala. Imati 31, koma sinena kuti kufiira kwake kukhale ngati kwa magazi, kwa njerwa kapena kwa tomato wosapsa bwino. Zimenezo imasankha ndi terminal. Ndiye munthu akamasankha theme ya terminal, ntchito yomwe akugwira ndi yodzaza mabokosi 16, kuuza makina kuti nambala iliyonse iziimira mtundu uti. Ma terminal a masiku ano amatha kuonetsa mitundu 256, ambiri mpaka 16,777,216, koma malamulo ambiri a tsiku ndi tsiku amagwiritsabe ntchito 16 yakale ija.

Diso ndi nambala zake

M'kalasi iliyonse ya ku Nsadzo muli njira zonse ziwiri. Bolodi ndi lakuda ndipo choko ndi choyera. Kope ndi loyera ndipo cholembera ndi chakuda kapena chabuluu. Zonse zimawerengeka, koma mphunzitsi amalemba zilembo zikuluzikulu pabolodi, ndipo dzuwa likangolowera pazenera n'kuwomba bolodilo, ana a mbali ina amayamba kudandaula kuti sakuona. Kope ungalitulutse panja masana, limawerengekabe.

Sikirini nayo ndi chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake chimawerengeka ndi nambala. Kuwala kwa dzuwa lamasana kumafika pa ma lux 100,000, pomwe ofesi ya magetsi abwino imakhala ndi ma lux 300 mpaka 500. Kuwala kwa kunjako kumagwa pagalasi n'kubwerera m'maso mwa wowerenga, ndipo kumaonjezereka pa zilembo ndi pa tsamba mofanana. Tiyerekeze kuti laputopu ikawala kotheratu imatulutsa 250, ndipo galasi likubweza 100 wochokera kunja. Pa tsamba loyera la zilembo zakuda, tsamba likhala 350, zilembo 100, kusiyana kwake katatu ndi theka. Pa tsamba lakuda la zilembo zotuwa zomwe zikutulutsa 75, zilembo zikhala 175, tsamba 100, ndipo kusiyanako sikukufika ngakhale kawiri. Komanso galasi lakuda limaonetsa nkhope ya mwini wake, mtengo wa kumbuyo kwake ndi aliyense wodutsa. Tsamba loyera limameza zithunzi zimenezo.

Akatswiri ali ndi muyeso wa kusiyana kwa kuwalaku. Malangizo a WCAG 2.0, omwe bungwe la W3C linatulutsa mu 2008, amayambira pa 1:1, pomwe zilembo ndi tsamba n'zofanana, mpaka 21:1, pomwe zilembo zakuda bii zili patsamba loyera mbee. Amanena kuti zilembo wamba zisatsike pa 4.5:1, ndipo wofuna kusamala kwambiri afike pa 7:1. Powerengera, mitundu siilemera mofanana. Wobiriwira umapereka pafupifupi 72 peresenti ya kuwala komwe diso limamva, wofiira 21, wabuluu 7 yokha. Timaselo ta m'diso tomva buluu n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi tinzake, ndipo pakatikati penipeni pomwe timawerengera zilembo zing'onozing'ono palibe n'komwe.

Apa ndi pomwe pamachokera vuto lomwe aliyense wogwiritsa ntchito terminal anakumanapo nalo. Ukalemba lamulo la ls pa Linux kuti uone zomwe zili m'foda, mayina a mafoda amatuluka abuluu. Buluu weniweni patsamba lakuda amangofika pa 2.4:1. Buluu wakuda wa pa Windows yakale ankangofika pa 1.3:1, kutanthauza kuti zilembo zinalipo koma ngati palibe. Microsoft inadzasintha mitundu ya terminal yake mu 2017, patadutsa zaka zoposa 20, ndipo buluu wosawerengekayo anali chimodzi mwa zifukwa zake. Buluu weniweni uja ukamuika patsamba loyera amafika pa 8.6:1. Wachikasu amachita zosiyana: patsamba lakuda amapitirira 19:1, patsamba loyera amatsala pang'ono kusowa, 1.07:1. Palibe mtundu wabwino pawokha. Ubwino wake umadalira pomwe wakhala.

Ofufuza a pa yunivesite ya Heinrich Heine ku Düsseldorf, motsogozedwa ndi Axel Buchner, anayesa nkhaniyi kangapo, mu 2007 ndi mu 2013. Ankapatsa anthu zolemba zokhala ndi zolakwika kuti azipeze. Owerenga zilembo zakuda patsamba loyera ankapeza zolakwika zambiri kuposa anzawo, achinyamata ndi achikulire omwe. Chifukwa chake n'chakuti tsamba lowala limachepetsa kamwana ka diso, ndipo kakachepa chithunzi chimalowa chakuthwa. Mumdima kamwanako kamakula, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimayamba kuoneka ngati zasungunuka m'mbali. Kwa wolemba khodi, yemwe ntchito yake yagona pa kusiyanitsa kadontho ndi chizindikiro cha koma, kapena nambala 1 ndi chilembo l, zimenezi si zachibwana.

Koma maso si amodzi. Munthu amene ali ndi ng'ala nthawi zambiri amawerenga bwino zilembo zoyera patsamba lakuda, chifukwa kuwala kochuluka kumamwazika m'diso lake n'kumuchititsa chifunga. Ndipo usiku nkhani imasintha kwa aliyense. M'nyumba youmba yomwe mukuyaka kanyale kamodzi ka sola, tsamba loyera limathobwa m'maso. Ukayang'ana kumbali suona kanthu kwa kanthawi, ukabwerera pasikirini maso amaluma. Nyengo ya mvula tizilombo touluka timaunjikana pagalasi lowalalo. Pamenepo tsamba lakuda limapumitsa, makamaka ngati kuwala kwa sikirini kwatsitsidwa.

Choncho kwa munthu wa ku Nsadzo ine ndimaona kuti theme imodzi siikwanira. Pamafunika ziwiri, yoyera ya masana ndi yakuda ya usiku, chifukwa kuwala kwa kumeneko kumachoka pa dzuwa lotentha n'kugwera mumdima wa ndiwe yani, popanda kuwala kofatsa kwa mu ofesi komwe ma theme ambiri anapangidwira. Visual Studio Code imatha kusintha yokha potsatira mmene kompyuta yonse yatcheredwera, ndipo pa Vim ndi lamulo limodzi: set background=light kapena set background=dark.

Mayina otchuka

Ma theme omwe amamveka kwambiri anapangidwa ndi anthu wamba omwe ankafuna kukonza sikirini zawo. Monokai inapangidwa ndi Wimer Hazenberg wa ku Netherlands mu 2006, ndipo inafala itakhala theme yoyambira ya Sublime Text: tsamba lotuwa mwakuda, mawu apinki, achikasu ndi obiriwira owala. Gruvbox ya Pavel Pertsev ili ndi mitundu yofunda ngati ya dothi ndi masamba ouma, ndipo imapezeka yoyera ndi yakuda yomwe. Dracula inapangidwa mu 2013 ndi Zeno Rocha wa ku Brazil, wolankhula Chipwitikizi ngati ophunzira a ku Tete, ndipo mphamvu yake ndi yakuti inakonzedwera mapulogalamu mazanamazana, moti munthu atha kukhala ndi mitundu yofanana pa editor, pa terminal ndi kwina konse.

Yofunika kuimapo pang'ono ndi Solarized, yomwe Ethan Schoonover anatulutsa mu 2011. Iye anaganizira kwambiri. Anasankha mitundu 16, isanu ndi itatu yotuwa mosiyanasiyana ndi isanu ndi itatu yokongoletsa, ndipo anaiyeza kuti igwire ntchito patsamba loyera ndi lakuda popanda kusintha yokongoletsayo. Mwadala anachepetsa kusiyana kwa zilembo ndi tsamba, poganiza kuti zakuda bii pa zoyera mbee zimatopetsa. M'chipinda cha kuwala kofatsa maganizowo amagwira. Koma tiyeni tione nambala. Pa Solarized yakuda, zilembo wamba zili pa 4.7:1, kungodutsa pang'ono malire aja. Pa yoyera zili pa 4.1:1, pansi pa malire. Ndemanga, mawu omwe wolemba khodi amasiyira anzake kufotokoza zomwe wachita, pa yakuda zili pa 2.8:1. Onjezerani fumbi la mumsewu wa N9 lomwe lamata pagalasi, sikirini yakale yomwe kuwala kwake kunatsika, ndi dzuwa lolowera pakhomo, mupeza kuti ndemangazo zasowa.

Palinso kamsampha kena. Kuti mitundu yake yotuwa ikwane m'mabokosi 16 aja, Solarized inatenga malo a mitundu yowala. Bokosi la wakuda wowala linapatsidwa mtundu wofanana ndendende ndi tsamba la Solarized yakuda. Pulogalamu iliyonse yomwe imalemba uthenga ndi nambala imeneyo imatulutsa zilembo zosaoneka. Wophunzira amaganiza kuti lamulo lake silinayankhe, pomwe yankho lili pamaso pake.

Nkhani ya ndemanga imandikhudza kwambiri, chifukwa si Solarized yokha. Ma theme ambiri amazizimiritsa ngati n'zosafunika. Komatu ndemanga ndi malo okhawo m'khodi pomwe munthu amalankhula ndi munthu mnzake, ndipo kwa wophunzira yemwe akuwerenga khodi ya Chingerezi, ataphunzitsidwa m'Chipwitikizi, akuganiza m'Chichewa, ndemanga yomwe wadzilembera m'chinenero chake ndi imene imamukumbutsa mawa zomwe anachita lero. Ngati theme yomwe mwaikonda imabisa ndemanga, sinthani mtundu umodziwo. Ma editor onse akuluakulu amalola kutero, ndipo pa Termux mitundu yonse imakhala m'fayilo imodzi yaing'ono, colors.properties, ya m'foda ya .termux.

Batire

M'midzi yomwe ili kutali ndi mawaya a magetsi, foni imatchajidwa pa sola, nthawi zina polipira, ndipo batire ndi chuma. Chigawo cha Tete ndi chomwe chili ndi damu la Cahora Bassa, lomwe limatha kupanga ma megawati 2,075, koma gawo lalikulu la magetsiwo limagulitsidwa ku South Africa. N'zosadabwitsa kuti mawu akuti tsamba lakuda limasunga batire anafala msanga. Mawuwa ndi oona pa mtundu umodzi wokha wa sikirini.

Pa sikirini ya OLED, kadontho kalikonse kamadziyatsa kokha, ndipo kakuda kamakhala kozima. Ofufuza a pa yunivesite ya Purdue ku America anayeza zimenezi mu 2021. Anapeza kuti kuwala kukakhala pa 30 mpaka 50 peresenti, mmene anthu ambiri amakuikira m'nyumba, tsamba lakuda limapulumutsa 3 mpaka 9 peresenti yokha ya mphamvu. Kuwala kukakhala pa 100 peresenti limapulumutsa 39 mpaka 47 peresenti. Koma mafoni otsika mtengo omwe ali ponseponse m'misika yathu, pamodzi ndi malaputopu ambiri akale, ali ndi sikirini ya LCD. Imeneyi ili ndi nyale imodzi kumbuyo yomwe imayakabe kaya tsamba ndi loyera kapena lakuda. Kuda kwake kumabwera potchinga kuwala komwe kwapangidwa kale. Pa sikirini yotere tsamba lakuda silipulumutsa kanthu kooneka. Choipa n'chakuti masana limakakamiza munthu kukweza kuwala mpaka kumapeto kuti aone zilembo, ndipo apo ndi pomwe batire limathera. Wofuna kusunga batire pa LCD atsitse kuwala, ndipo tsamba loyera ndi lomwe limamulola kutsitsa n'kumawerengabe.

Wofiira ndi wobiriwira

Pulogalamu ya git, yomwe olemba khodi amasungira mbiri ya ntchito yawo, ikamaonetsa zomwe zasintha imalemba mizere yochotsedwa mofiira ndi yoonjezeredwa mobiriwira. Mapulogalamu oyesera khodi nawonso amatero: chobiriwira chadutsa, chofiira chalephera. Alipo anthu omwe mitundu iwiriyi imawaonekera pafupifupi mofanana. John Dalton wa ku England anafotokoza vutoli mu 1794 atalizindikira m'maso mwake momwe, ndipo mu 1917 Shinobu Ishihara wa ku Japan anatulutsa zithunzi za timadontho zomwe madokotala amayezera mpaka lero. Vutoli ndi lobadwa nalo, limayenda kudzera kwa mayi, ndipo limagwira amuna kwambiri kuposa akazi. Kumpoto kwa Ulaya ndi pafupifupi mwamuna mmodzi pa 12 alionse. Pakati pa anthu a mu Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo, koma m'kalasi yaikulu si zachilendo kupezamo mmodzi, ndipo kawirikawiri iye mwini sadziwa, poti sanayezedwepo. Amangoona kuti anzake amapeza msanga mzere wolakwika.

Omwe anapanga git anachita bwino pa chinthu chimodzi: mzere wochotsedwa umayamba ndi chizindikiro cha -, woonjezeredwa ndi cha +. Mtundu ukalephera, chizindikiro chimalankhulabe. Wolemba pulogalamu aliyense ayenera kutengerapo, makamaka ngati pulogalamu yake idzagwiritsidwa ntchito ndi anthu a kuchipatala chakumudzi, alangizi a zaulimi kapena ogula fodya, omwe amawerenga sikirini ali panja. Kwa wosankha theme, njira yachidule ndi kusinthanitsa wofiira ndi wobiriwira ndi mtundu wa lalanje ndi wabuluu wowala, yomwe anthu ambiri a vutoli amaisiyanitsa bwino. Masataka Okabe ndi Kei Ito a ku Japan anakonza gulu la mitundu yotere, ndipo GitHub, malo a pa intaneti osungirapo khodi, inaonjezera ma theme oganizira anthu amenewa mu 2021.

Mtundu wina woyenera kupewa ndi zilembo zofiira patsamba labuluu, kapena zabuluu pa lofiira. Diso limalunjika mitundu iwiriyi pamalo osiyana pang'ono, ndipo zilembo zimaoneka ngati zikuyandama.

Kodi mitundu imathandizadi?

Kupaka mawu a khodi mitundu yosiyanasiyana kunayamba kale. Mike Cowlishaw wa ku IBM analemba editor yotchedwa LEXX mu 1985, yothandizira ntchito yoika dikishonale ya Oxford pakompyuta, ndipo inali imodzi mwa zoyamba kugwiritsa ntchito mitundu motere. Vim inayamba kutero mu 1998. Lero editor yopanda mitundu imaoneka yachilendo. Koma umboni wakuti mitundu imathandiza munthu kumvetsa khodi ndi wochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Advait Sarkar wa ku Cambridge anayesa anthu 10 mu 2015 n'kupeza kuti mitundu inawafulumizitsa, ngakhale phindulo linkachepa kwa ozolowera ntchito. Mu 2018 Christoph Hannebauer ndi anzake ku Germany anayesa ophunzira 390 ndipo sanapeze umboni wakuti mitundu inawathandiza kumvetsa bwino.

Pomwe mitundu imagwira ntchito mosakayikitsa ndi pogwira kulakwitsa kwa zala. Wophunzira akufuna kulemba print("Moni") koma waiwala chizindikiro chotsekera, walemba print("Moni). Pa editor ya mitundu, mtundu wa mawu a m'kati uja supuma pomwe unayenera kupuma. Umapitirira n'kumeza chotsekera cha kumapeto. Diso limaona kuti china chake chatayikira lisanawerenge n'komwe. Chimodzimodzi munthu akalemba retrun m'malo mwa return: liwulo limakana kutenga mtundu wake wa masiku onse. Ntchito imeneyi siifuna mitundu khumi ndi iwiri. Inayi kapena isanu yosiyana bwino ndi yokwanira: wa mawu a chinenero cha khodicho, wa mawu otsekeredwa m'zizindikiro, wa nambala, wa ndemanga, ndi wa zolakwika. Chilichonse chikakhala ndi mtundu wake, chofiira cha cholakwika chimasochera pakati pa zinzake. Alipo akatswiri omwe amazimitsiratu mitundu, ndipo kuyambira 2017 mapulogalamu ambiri a pa terminal amamvera chizindikiro cha NO_COLOR, chomwe munthu akachiika, amasiya kupaka mawu.

Poyesa theme, chithunzi cha patsamba la intaneti la mwini wake sichithandiza, chifukwa iye anasankha khodi yomwe imaoneka bwino, pa sikirini yabwino. Tsegulani fayilo yanu yomwe, yaitali, yokhala ndi ndemanga. Ikanimo dala cholakwika chimodzi muone ngati chikuonekera. Pa terminal lembani ls m'foda yodzaza, kenako git diff, muone ngati buluu, wofiira ndi wobiriwira zikuwerengeka. Chitani zimenezi pomwe mumakhaladi pogwira ntchito: pakhonde cha m'ma 11 koloko, m'nyumba chakumadzulo, ndi usiku pa nyale ya sola. Musanaweruze mitundu, pukutani galasi ndi kansalu kofewa ndipo kulitsani zilembo pang'ono, chifukwa kawirikawiri chomwe chimatopetsa maso ndi fumbi ndi zilembo zazing'ono kwambiri. Mukapeza ziwiri zokuyenerani, sungani fayilo ya mitunduyo pa fulashi kapena pafoni. Laputopu yogula kwa wina imatha kufa tsiku lililonse, ndipo pa kompyuta yobwereka ya kusukulu kuikanso mitundu yanu kumangotenga mphindi imodzi ngati fayiloyo muli nayo.